Mphaka wa M'chifuwa

Linali Lachinayi lomaliza la mwezi wa Juni, naini koloko m'mawa, pamene ndinathira mankhwala onunkha ngati mazira oola m'makina a nthunzi. Nthawiyo ndikuikumbukira chifukwa wailesi ya eni nyumba inali itangoitchula. Zambiri za zaka zanga za ku Harare zimabwera ngati nkhungu ya kwathu ku Thyolo, apa patseguka, apo patsekeka. Koma m'mawa umenewo ndimauona wonse. M'chipindamo tinalimo anayi: ine, mwana wanga Tiyamike, aNangozo eni nyumba, ndi mphaka wa kuntchito kwanga.

Ndinachoka kwathu Tiya akadali woyamwa. Bambo ake anali atatsogola, ndipo pa foni anandiuza kuti ndikafika ku Harare ndikafunse Hatcliffe, kenako ndikafunse mayi wogulitsa tomato wolankhula chakwathu. Basi inadutsa pa Mwanza dzuwa likuswa mtengo. Mtsinje waukulu wa ku Tete ndinauwoloka ndikusinza, moti mpaka lero sindidziwa ngati ndinauonadi kapena ndinangoulota. Ndimakumbukira madzi ambiri owala, ndi mwana akupumira pakhosi panga.

Mayi wa tomatoyo ndinawapeza. Anali aakulu thupi, mawu awo omveka kutsidya kwa msewu. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Amuna ako ndi uja wamtali, woimba likhweru posamba? Anapita ku Joni mwezi watha. Wasiya bulangete ndi nsapato imodzi."

"Imodzi, amayi?"

"Inayo mwina wavala. Lowa, mwana azizidwa."

Umu ndi momwe ndinalowera m'nyumba ya aNangozo. Iwo anabadwira pa famu ya fodya komweko ku Zimbabwe. Bambo awo anachokera ku Dedza, koma iwo Malawi sanamuonepo. Chichewa chawo chinali chakale, chothira Chishona ngati tiyi wochuluka mkaka. Mphaka ankamuti katsi, mjigo ankauti chibhorani. Ankakonda kundifunsa ngati ku Dedza miyala ikadali yaikulu monga ankanenera bambo awo. Ine ku Dedza sindinafikeko, koma ndinkayankha kuti eya.

Eya ndiye anali mawu anga. Sukulu ndinalekezera panjira, ndipo kuyambira ndili mwana ndinkachita manyazi kulankhula pagulu. Ku Harare manyaziwo anakula. Kumjigo ndikatsegula pakamwa amayi ankaseka Chishona changa, osati mwankhanza, koma ankaseka. Ndiye ndinangotseka pakamwa. Ena ankaganiza kuti ndine wosalankhula. Kukiliniki sindinkayerekeza n'komwe. Ndinkaopa kuti akandifunsa mapepala, akandifunsa zambiri mwachangu, anthu a pamzere akumva.

Ntchito anandipezera aNangozo omwewo, kunyumba za mipanda italiitali, ulendo woyenda pansi kuchokera ku Hatcliffe. Adona anali mphunzitsi wopuma pantchito, wamasiye, ana awo onse ali kunja. M'nyumbamo munali zii. Munali mabuku, mawotchi, ndi mphaka wotuwa dzina lake Shumba, lomwe m'Chishona ndi mkango. Tiya ndinkamusiya pa benchi ya tomato. Tsiku lonse ndinkapukuta magalasi ndikuganiza za iye, ndipo ndikapeza kanthu ndinkatumiza kwa amayi kumudzi. Iwo ankandiuza pa foni kuti agula malata awiri, kuti mbuzi yaswa, kuti tiyi wa ku esiteti waphukanso. Ndinkamvetsera ngati akunena za dziko lomwe ndinaliona kutulo.

Tiya anali ndi chifuwa chobwera ndi nyengo yozizira. Chikayamba, m'kati mwake munkalira timawu tating'ono, fiii, fiii, ndipo nthiti zake zinkalowa m'kati akamakoka mpweya. Mchimwene wanga nayenso anali nacho ali mwana, ndipo amayi ankati, "Mphaka wa m'chifuwa wadzuka." Ine ndinakula ndikudziwa kuti ana ena ali ndi mphaka m'chifuwa, amagona dzinja lonse, n'kudzuka mwezi wa Juni. Dzina loti mphumu ndinkalidziwa, koma la mphaka ndilo linkandikhalira pafupi.

Tsiku lina ndikusita zovala za adona ndinamva timawu tomwe tija kumbuyo kwanga. Ndinatembenuka mtima uli m'mwamba, ndikuti Tiya wafika bwanji kuno. Anali Shumba. Anali atanyonyomala pansi, khosi litatambasuka, akutsokomola ngati akufuna kusanza koma osatulutsa kanthu. Adona anabwera ndi kampope kabuluu kolumikiza ku chitoliro, n'kumuphimba kumphuno. Patapita kanthawi mphakayo anakhala bwino, n'kuyamba kunyambita dzanja lake.

"Ali ndi mphumu," anatero adona.

Ndinathawira mosungira zakudya n'kuseka nditatseka pakamwa ndi epuloni. Madzulo ndinawauza aNangozo kuti kuntchito kuli mphaka amene ali ndi mphaka m'chifuwa. Anaseka mpaka tomato anagubuduka.

"Nanga wa m'katiyo, nayenso ali ndi wake?"

Pang'onopang'ono adona anandiphunzitsa. Panali timipope tiwiri tochokera kwa dokotala wa ziweto, kofiirira ka tsiku ndi tsiku, kabuluu ka tsiku loipa. Panalinso makina a nthunzi, omwe kale anali a malemu amuna awo. Dokotala analola kuti tizithiramo madzi amchere a m'timapaketi, kuti kukhosi kwa Shumba kusaume. Tinkamuika m'dengu lake la chitseko, n'kuphimba ndi thaulo, n'kulowetsa paipi. Makina ankalira ngati njuchi, nthunzi yoyera yozizira n'kumatuluka m'mbali mwa thaulo.

Imeneyo inali nthawi yanga yokoma pa tsiku. Ndinkakhala pansi pafupi ndi dengu, nthunziyo ikuyenda pa miyendo yanga, ndipo ndinkapezeka ndili kwathu. Ndinkaona chiperoni chikutsika m'mizere ya tiyi, amayi akusowa m'nkhungu kuyambira kumapazi mpaka kungotsala duku. Shumba ankatulutsa dzanja pa chitseko n'kuliika pa bondo langa. Iye sankandifunsa kanthu, ndiye ndinkamulankhula. Nkhani zonse zomwe sindinkanena kumjigo anazimva ndi iye.

Chaka chomwe Tiya anayamba kulankhula bwino, adona anaitanidwa kunja, mwana wawo wamkazi atabereka. Nyumba anaitseka, ndipo Shumba anati ndipite naye ku Hatcliffe chifukwa ankafunika munthu tsiku lililonse. Polongedza anatsegula kabati n'kutulutsa kabokosi ka timabotolo ting'onoting'ono.

"Awa anali a bambo," anatero. "Amasungunula makhololo. Ankawathandiza kwambiri. Ukamva chifuwa cha Shumba chalemera, uthire kamodzi m'makina m'malo mwa madzi aja."

Anapereka ndi mtima wabwino. Ndinati eya.

Ku Hatcliffe mphaka wa m'dengu anakhala nkhani. Amayi ena ankabwera ngati akugula tomato kuti adzamuone. Wina anandifunsa ngati usiku ndimamukwera. ANangozo anamuyankha kuti mkango wa mphumu sunganyamule ngakhale thumba la mchere. Makina tinawaika m'chipinda chawo, chifukwa magetsi ankasowa tsiku lonse ndipo iwo anali ndi batire la sola. Pa waya umodzi womwewo panali wailesi, makina, ndi foni yawo yokalamba, yomwe inkangozima ukaichotsa pa chaja.

Juni ameneyo kunazizira kwambiri. M'mawa utsi wa nkhuni unkagona pamwamba pa madenga, fumbi la mumsewu n'kumalowa ngakhale m'makapu. Mphaka wa Tiya anadzuka, ndipo sanafune kugonanso. Kaya unali utsi, kaya fumbi, kaya ubweya wa Shumba, sindidziwa. ANangozo anawiritsa masamba a zumbani, chitsamba cha chimfine cha kumeneko, n'kumufukiza atamufunditsa bulangete. Mwana analira mpaka kusanza, koma timawu tija sitinachoke. Anasiya kuthamanga ndi anzake. Ankangokhala pa benchi, mapewa ali m'mwamba, akuyang'ana anthu odutsa ngati nkhalamba.

"Make Tiya," anatero aNangozo Lachitatu madzulo, "iwe mutu wako uli bwino? Katsi akupuma nthunzi ya anthu olemera, mwana wa munthu akuimba likhweru ndi nthiti."

"Ndi za adona, amayi."

"Adona ali kuti? Akuona? Timabotolo tija unati n'ta ndani?"

"Ta malemu amuna awo."

"Malemuwo anali katsi?"

"Ayi, amayi."

"Ndiye ndi mankhwala a munthu. Makina a munthu, masiki ya munthu ili m'bokosimo. Mwana ali ndi makhololo, mankhwala ndi osungunula makhololo. Ukufuna abuse abwere adzakumasulire?"

Sindinganame kuti anandikakamiza. Inenso ndinkafuna. Ndinkaona kuti ngati nthunzi ingamuchize Tiya m'nyumba momwemo, ndiye kuti kukiliniki sindipita, palibe wondifunsa kanthu. Ndinati eya.

M'mawa mwake ndilo Lachinayi lija. Shumba nayenso anali atadzuka ndi chifuwa cholemera, ndipo nthawi yake ya nthunzi inali itakwana. Ndinanena motsitsa kuti ayambe iye.

"Ayambe katsi? Nyumba ino bambo ndi katsi tsopano?" ANangozo anaomba m'manja. "Chabwino, ayambe mkuluyo. Tiya, khala pamzere, mwana wanga."

Nditatsegula kabotolo fungo linadzaza chipinda. Tiya anatseka mphuno n'kunena kuti agogo aphwisa. ANangozo anamuopseza ndi patapata, akuseka. Ndinaika Shumba m'dengu, ndinaphimba thaulo, ndinayatsa makina. Nthunzi inatuluka yoyera ngati masiku onse. Ndinakhala pansi kudikira dzanja lake pa bondo langa.

Dzanja silinabwere. M'malo mwake ndinamva kukanda, kenako dengu linagwedezeka, kenako zii. Ndinachotsa thaulo. Shumba anali atagona chafufumimba, khosi litatambasuka mpaka kukhudza chitseko, kukamwa kuli yasa. Mphaka sapuma ndi pakamwa, adona anandiuzapo zimenezo, ukaona choncho ndiye kuti zavuta. Dovu linkayenderera. Mimba yake inkakoka mwamphamvu, koma mpweya unkangolira pang'ono ngati ukudutsa pa bowo la singano. Maso ake anali pa ine.

Ndinazimitsa makina. Ndinatenga kampope kabuluu n'kumuphimba kumphuno monga ndinaphunzirira. Anapezako bwino pang'ono, koma pakamwa sanatseke.

"Ndi fungo chabe lamuopsa," anatero aNangozo. "Sukuona thovulo? Ndiye makhololo akutuluka amenewo. Mankhwala akugwira."

Ine ndinali nditakulunga kale dengu m'chitenje, thaulo lili momwemo. Kwa dokotala wa ziweto ndinkakudziwa, ndinapitako ndi adona.

"Pita, pita ndi bwana wakoyo," anatero ndili pakhomo. "Mwana musiye. Zotsalazo ndimaliza ndine."

Mawuwo ndinawamva, koma sanalowe. Anangokhala panja pa khutu ngati munthu wodikira kuti amutsegulire.

Kondakitala wa kombi, minibasi ya kumeneko, ankandidziwa. Monga anthu ambiri kumeneko, Mmalawi aliyense ankamutcha achimwene, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi.

"Achimwene! Lero mwana mwamuika m'dengu? Kumsana kwatopa?"

Ndinakhala pampando dengu lili pamiyendo. Mayi wina wachikulire pambali panga anatchera khutu, n'kundigwira mkono. Anandiuza m'Chishona, pang'onopang'ono kuti ndimve, kuti mwana wopuma choncho sachedwa naye, ndipite kukiliniki lero lomwe. Nthawi yomweyo mchira wotuwa unatuluka pa mpata wa chitenje. Mayiyo anakuwa dzina la Yesu n'kusunthira pawindo. Kombi yonse inaseka. Ine sindinaseke, komanso manyazi sindinawamve. Ndinali kuwerenga kupuma kwa Shumba ndi chikhatho changa, ndikumuuza chamumtima kuti kokanso, kokanso.

Dokotala anali mtsikana, wamng'ono kuposa momwe ndinkakumbukirira. Atangoona kukamwa kwa Shumba anamulanda n'kulowa naye m'kati. Ndinatsala pa benchi. Pakona panali galasi lalikulu la madzi, tinsomba tofiira tikuyenda m'menemo, tikutsegula ndi kutseka pakamwa popanda phokoso. Ndinatiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkaona ngati chipinda chonsecho chili pansi pa madzi, ineyo ndi amene ndaiwala kapumidwe.

Dokotala anatuluka atanyamula thaulo lija, akulinunkhiza. Anandifunsa kanthu m'Chishona, mwachangu. Ndinayang'ana pansi.

"Pepani," ndinatero.

Anaima. "Pepani? Ndinu a ku Malawi? Agogo anga ku Mufakose amatero, pepani, pepani, ngakhale wawaponda ndiwe." Anakhala pambali panga. Chichewa chake chinali chothyokathyoka, koma chinkamveka. "Mphaka apulumuka. Tampatsa mpweya ndi jakisoni. Agona kuno lero. Koma fungo ili ndalidziwa. Mwathira chiyani m'makina?"

Ndinamuuza za timabotolo ta malemu. Sanakalipe. Anatenga kapaipi kofewa ka diripi patebulo n'kundionetsa.

"Njira za mpweya zili chonchi. Mankhwala amenewo amasungunuladi makhololo, adona anu sananame. Kwa odwala ena amathandiza. Koma njira za mphaka wa mphumu sizichedwa kukwiya. Nthunzi imeneyo ikazikhudza, zimadzifinya." Anafinya kapaipiko ndi zala ziwiri mpaka bowo linatsekeka. "Makhololo asungunuka, inde. Koma atulukira pati? Mpweya ulowera pati?"

Ndinayang'ana zala zakezo. Kenako ndinamva mawu anga akufunsa, ineyo ndisanawalole.

"Nanga munthu?"

"Munthu wa mphumu nayenso zitha kumuchitikira. Sapatsidwa popanda dokotala kumuona kaye. Makamaka mwana." Anandiyang'ana. "Bwanji, mayi?"

Pamenepo mawu aja anatsegula chitseko n'kulowa. Zotsalazo ndimaliza ndine.

Sindikumbukira kutulutsa foni. Ndimakumbukira ikuitana, ikuitananso, tinsomba tikungoyenda. ANangozo atayankha sindinawalonjere. Sindinati amayi. Ndinaimirira pakati pa chipinda cha eni ake n'kukuwa, mpaka galu wina m'kati anayamba kuuwa.

"Musampatse! Zimitsani makinawo! Mwamva? Musamuyandikize n'komwe! Zimitsani!"

Mbali inayo ndinkangomva makina akulira ngati njuchi.

"Tiya ali bwanji? Ndiyankheni!"

"Mwana wapuma," anatero aNangozo, ndi mawu aang'ono omwe sindinawamvepo. Foni inaduka.

Ndinaimbanso. Sinalowe. Ndinaimbanso.

Kwathu, munthu wamkulu akakuuza motsitsa mawu kuti wodwala wapuma, sufunsanso. Umangoyamba kufuna chitenje chomanga m'mimba. Ndi mawu omwe azakhali anandiuza tsiku lomwe bambo anga anamwalira, ndikuchokera kotunga madzi.

Sindinalire. Ndinatuluka osatsanzika, dengu ndi chitenje n'kuzisiya pa benchi. Ulendo wobwerera ndimaukumbukira ngati unachitikira munthu wina. Kombi inkayenda koma sindinkamva matayala. Mipanda italiitali inkadutsa ngati ikuyandama. Kondakitala ananena kanthu za achimwene, pakamwa pake pankatseguka ngati pa tinsomba tija. Kunja dzuwa linali litawala, koma ine ndinkaona chiperoni chikutsika pa Harare yense, chikukwirira misika, matchalitchi, mizere ya zigubu pamjigo. M'nkhungumo Tiya ankayenda patsogolo panga pakati pa mizere ya tiyi yomwe sanaionepo, atavala juzi yake yofiira. Sankathamanga. Sankatsokomola. Ndinkamuitana koma sankacheuka, ndipo nkhungu inkamutenga kuyambira kumapazi.

Nditatsika ndinayenda pang'onopang'ono, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikafika zikhala zoona. Ndinatchera khutu kuti ndimve maliro. Ndinamva tambala, ndi munthu akukhoma malata. Pa geti panalibe anthu. Tomato anali pa benchi, ataunjikidwa bwinobwino.

ANangozo anali atakhala pansi pakhomo la chipinda chawo, miyendo atatambasula. Anangosuntha kuti ndidutse.

Tiya anali pabedi lawo, atagona chammbali, chala chili m'kamwa. Ndinagwada. Ndinaika khutu pamsana pake. Fiii. Fiii. Mphaka uja anali momwemo, akulira monga mwa masiku onse. Sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzamva mawu amenewo n'kuthokoza Mulungu. Pamenepo ndiye ndinalira, mwakachetechete, kuti ndisamudzutse.

"Munati wapuma," ndinatero nditatuluka.

"Nanga sanapume? Suli kumuona? Walira, watopa, wagona."

"Kwathu mukatero ndiye kuti wapita."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwira pakamwa. "Mayi ine. Bambo anga ankatero akabwera kumunda, ndapuma. Ine ndimadziwa chimenecho." Anapukusa mutu. "Chichewa chanu cha kumudzi chimapha anthu amoyo."

Anandifotokozera. Nditachoka, batire linali litatha mphamvu, ndiye anadikira kuti dzuwa likwere. Tiya anathawira pansi pa bedi chifukwa cha fungo, ndipo anamunyengerera ndi buledi wa shuga mpaka anatuluka, analira, n'kugona pamiyendo pawo. Iwo anaona kuti mpata ndi umenewo. Anathira kabotolo, anayatsa makina, masiki ili m'manja. Foni inalira.

"Ndinayesa ndi apolisi," anatero. "Kenako ndinati ayi, apolisi amayamba alonjera. Ndinazula waya yense kukhoma, wailesi, makina, foni, zonse." Anandiyang'ana cham'mbali. "Iwe make Tiya, mawu amene aja unkawasunga kuti? Zaka zonsezi eya amayi, eya amayi. Lero ukundilamula m'nyumba mwanga ngati ndine wantchito wako."

"Pepani, amayi."

"Usapepese, ungawabwezere komwe anali." Anadzuka movutikira, anatenga kachikho ka makina, n'kukakhuthula kuseri kwa nyumba, n'kukwirira ndi phazi. Pobwera maso awo anali ofiira. Anati ndi fungo.

Pano ndili kwathu. Ndinabwerera patapita zaka, n'kupeza amayi atafupika, nyumba ili ya malata, ana a mchemwali wanga osandidziwa. Tiya akaona mphaka amati katsi, anzake n'kumamuseka, iye n'kuwaseka nawonso. Amayi amati ku Harare ndinapita wopanda pakamwa, ndabwerako ndi pakamwa pa eni tomato. Shumba anakhala moyo mpaka kukalamba. Adona atabwera n'kumva nkhaniyi anakhala pampando, kenako timabotolo totsala anakapereka okha kwa dokotala. Chiperoni chikatsika m'mawa ndimaima pakhomo, ndipo nthawi zina ndimamva kulira kwa njuchi, ndi kadzanja kopepuka pa bondo langa.

Koma ndinkanena za Lachinayi lija. M'mawa mwake, Lachisanu, ndinadzuka kusanatenthe, ndinamusambitsa Tiya, ndinamuveka juzi yofiira, n'kumubereka ngakhale anali atakula. ANangozo anati andiperekeze kuti akandilankhulire. Ndinati ayi, amayi, tomato aola. Anabwerera pa benchi yawo.

Pakiliniki mzere unali wautali, amayi ambiri ndinkawadziwa kumjigo. Itakwana nthawi yanga, namwino sanakweze n'komwe mutu. Anafunsa m'Chishona, mwachangu, kuti mwana watani. Chitseko chinali chotsegula, a pamzere onse akumva.

"Ali ndi mphaka m'chifuwa," ndinatero. "Katsi. Muno."

Kumbuyo kwanga wina anaseka. Namwino nayenso anaseka, n'kukweza mutu. Anaika chomvetsera chake pamsana pa Tiya, ndipo kuseka kunatha pang'onopang'ono pankhope pake. Anamvetsera mbali iyi, mbali iyo.

"Ndamumva," anatero. "Wakhalamo nthawi yaitali bwanji?"

Ndinakoka mpando womwe sanandipatse, ndinamukhazika Tiya pamiyendo, n'kuyamba kufotokoza kuyambira pachiyambi.